Mpira umene dziko lonse limaufera, bwanji ku America ulibe mphamvu?

Funso lochokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza: "Tsiku lina tikuphunzira za mayiko, mnyamata wina wa Sitandade 8 anaimika mkono n'kufunsa kuti, 'Aphunzitsi, America ndi dziko lolemera, anthu ake ndi ambiri, ku Olympics imakokolola mamendulo. Nanga bwanji pa mpira sitiimva?' Ndinasowa choyankha. Mlamu wanga amene ali ku Indiana amati kuntchito kwake ukayambitsa nkhani ya Arsenal anthu amangokuyang'ana. Ena amati anthu akumeneko mpira umawatopetsa chifukwa zigoli zimachepa komanso matimu amatha kulepherana. Kodi n'zoona? Nanga n'chiyani chinachititsa kuti mayiko enawa aukonde chonchi?"

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, mutu wake umagwira. Funso lakelo nanenso ndayenda nalo zaka zambiri, kuyambira pamene ndinkaphunzitsa ana mpira kuno kwathu mpaka pamene ndinakakhalako miyezi ingapo ku America n'kuona ndi maso angawa mmene amachitira. Zimene akunena alamu anuwo n'zoona. Bungwe la Gallup, lomwe limafufuza maganizo a anthu kumeneko, linafunsa anthu akuluakulu kumapeto kwa 2023 kuti masewero amene amakonda kuonera koposa ndi ati. Pa anthu 100 alionse, 41 anatchula football yawo ija yovala zisoti, 10 anati baseball, 9 anati basketball, ndipo mpira wathuwu unapeza 5 okha. Koma zoti vuto ndi kuchepa kwa zigoli ine sindivomereza. Mpira wa miyendo pamene unkafuna kukhazikika ku America unapeza mipando yonse ili ndi eni ake kale, ndipo amene anagawa mipandoyo anali masukulu. Ndiye nkhaniyi ndi yanu ndithu inu aphunzitsi.

Tiyambire pabwalo la sukulu yanu nthawi ya buleki. Mwana mmodzi watola majumbo kumsika, wawapanikiza m'kati mwa nsanza, wamanga ndi malegeni mopingasapingasa mpaka chikulunga chalimba, mwina wachiyandikizako pamoto kuti pamwamba pagwirane. Njerwa ziwiri uku, mapatapata awiri uko, magolo atha. Woyimbira palibe. Mpira ukadutsa m'mwamba amakangana pang'ono ngati goloboyi akanaufikira, kenaka masewero akupitirira. Akakhala asanu amasewera, akakhala makumi atatu amaseweranso. Palibe tambala imene yatuluka m'thumba la kholo. Mwana wa ku Recife ku Brazil, wa ku Dakar, wa ku Naples, onse anakula chimodzimodzi. Yerekezani ndi football ya ku America, imene imafuna chisoti, zotchinga m'mapewa ndi m'mano, ndi munthu wamkulu woti ayang'anire kuti ana asathyolane makosi. Hockey yawo imafuna bwalo la madzi oundana. Basketball ndi yotsikirapo mtengo, komabe imafuna simenti ndi mpira wonjanja, zinthu zimene chikulunga sichifuna.

Mpirawu susankhanso thupi. Maradona anali wamtali mamita 1.65 okha, Messi ndi 1.70, pamene Peter Crouch amene ankasewerera England ndi 2.01, ndipo onsewa anapeza malo awo m'bwalo. Mwana aliyense m'kalasi mwanumo, wamfupi kaya wowonda, akhoza kulota. Mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, munthu wa msinkhu wa Messi ndi wosowa ngati mazira a nkhanga m'chilimwe.

Tsono kuchepa kwa zigoli kumene ena amadandaulako, kwa ine ndiye mtima wa masewerowa. Chigoli chikakhala chosowa, wofooka amakhala ndi mwayi. Mu basketball timu yamphamvu imaponya kambirimbiri, ndiye pomaliza mphamvu zake zimaonekera basi. Mu mpira wa miyendo mukhoza kupanikizidwa mphindi 89 n'kumwetsa chimodzi chokha, n'kupambana. Kumbukirani Januwale 2010 ku Luanda pamene Flames inathambitsa Algeria 3-0, Algeria yomwe inali itadzigulira kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Kumbukirani Chipolopolo ku Libreville mu 2012, itakana kugonja pamaso pa Drogba ndi Yaya Touré mpaka kutenga chikho cha Africa pa mapenate 8-7. Dziko losauka silingapikisane ndi lolemera pa ndege kapena mafakitale, koma pa mphindi 90 zimenezi likhoza kuliliza. N'chifukwa chake FIFA ili ndi mamembala 211, kuposa a United Nations amene ndi 193, ndipo FIFA yomweyo imati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni anaonera ndime yotsiriza ya World Cup ya 2022 pakati pa Argentina ndi France.

Komabe kutchipa ndi kukoma pazokha sizikwanira kufotokoza nkhaniyi. Ku Dominican Republic ana osauka amamenya zitsekerero za mabotolo ndi mpini wa tsache, kuphunzira baseball. Ku India ndi Pakistan ana a m'makwalala amasewera cricket ndi kathabwa. Umphawi ndi womwewo, koma masewero ndi ena. Masewero amayenda ndi anthu, ndipo amene wayamba kufika ndiye amakhazikika.

Malamulo a mpira umene tikuudziwawu anagwirizanidwa ku London mu 1863, pamene Football Association inakhazikitsidwa. Nthawi imeneyo Britain ndiye inali mwini zombo, njanji, mabanki ndi migodi pafupifupi paliponse, ngakhale m'mayiko amene sinkawalamulira. Amalinyero ake, omanga njanji, amalonda ndi aphunzitsi ankanyamula mpira m'chikwama. Peñarol ya ku Uruguay inachokera ku kalabu ya ogwira ntchito panjanji ya Angerezi ya mu 1891. Ku Italy, Genoa inayambitsidwa ndi Angerezi mu 1893, ndipo Milan mu 1899, n'chifukwa chake mpaka lero timuyi imatchedwa Milan m'Chingerezi pamene mzindawo eni ake amati Milano. Ku Brazil, Charles Miller anabwerera ku São Paulo mu 1894 kuchokera kusukulu ku England atanyamula mipira ndi buku la malamulo. Ku Argentina mayina ngati River Plate ndi Newell's Old Boys akuchitira umboni okha. Eni nthaka ankayamba n'kuonerera kunja kwa mpanda, kenaka ankatengera, ndipo pasanathe zaka makumi atatu anali akuwaposa aphunzitsi awo. Kwathu kuno unabwera ndi amishoni ndi atsamunda, n'kukulira m'makampani: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers. Ku Zambia unakulira m'migodi ndi panjanji: Nkana, Mufulira Wanderers, Roan United, Kabwe Warriors.

Chodabwitsa n'chakuti mayiko olankhula Chingerezi amene anali pafupi kwambiri ndi Britain ndi amene mpirawu unavutikamo. Australia inali italemba kale malamulo a mpira wakewake ku Melbourne mu 1859. Ireland inakhazikitsa Gaelic Athletic Association mu 1884 n'cholinga choteteza masewero a makolo ake ku chikoka cha Angerezi. New Zealand inagwira rugby, Canada inagwira hockey. M'mayiko amenewa mawu oti football anali ndi mwini kale, n'chifukwa chake ambiri amati soccer. Dzinali si la ku America ayi, linapangidwa ndi ana asukulu ku England pofupikitsa mawu oti association. Choncho America si yokha. Ndi yaikulu chabe mwa gulu limeneli.

Pa 6 Novembala 1869, makoleji a Rutgers ndi Princeton anasewera masewero amene anthu a ku America amawawerenga ngati chiyambi cha football yawo. Koma mukanakhalapo tsiku limenelo mukanaona chinthu chofanana ndi mpira wathu: mpira wozungulira, womenya ndi phazi, kuunyamula n'kuthamanga nawo kosaloledwa, ngakhale kuti mbali iliyonse inali ndi anthu 25. Rutgers inapambana 6-4. Zikanapitirira choncho, bwenzi lero tikukamba zina. Anasintha zinthu ndi a Harvard, yunivesite yolemekezeka kuposa zonse kumeneko. Iwo anali ndi kaseweredwe kawo kololeza kugwira mpira, ndipo anakana kupita ku msonkhano wa mu 1873 umene makoleji ena anagwirizana malamulo a mpira wa miyendo. Mu 1874 anasewera ndi McGill ya ku Montreal motsata malamulo a rugby, ndipo anaikonda. Pofika 1876 Yale, Princeton ndi Columbia anali atatsatira, poti palibe amene ankafuna kusiyidwa pa mpikisano ndi Harvard. Kenaka Walter Camp wa ku Yale anayamba kuisema rugby ija: mu 1880 anabweretsa zoti matimu azindanda moyang'anizana mpira usanayambe kuyenda, mu 1882 zoti timu izipatsidwa mipata yowerengeka yosunthira mpira kutsogolo, ikalephera iupereke kwa anzawo. Mu 1906 analoleza kuponyera mnzako mpira kutsogolo, anyamata ambiri atafa ndi kuvulala m'masewero a zaka zam'mbuyo. Apa masewerowa anali atasanduka awoawo.

Baseball inali itakhazikika kale. Asilikali anaifalitsa pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, timu yoyamba ya osewera olipidwa onse, Cincinnati Red Stockings, inayamba mu 1869, ndipo National League mu 1876. Munthu wamba wa m'fakitale, amene ku Manchester kapena ku Buenos Aires akanakhala wochemerera mpira wa miyendo, ku Boston anali wa baseball. Nyengo yozizira inatsala yopanda masewero, ndipo James Naismith anaitseka mu 1891 ku Springfield poyambitsa basketball yosewerera m'nyumba. Muone kalendala yawo: baseball kuyambira Epulo mpaka Okutobala, football kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale, basketball ndi hockey kuyambira Okutobala mpaka Juni. Palibe mwezi wopanda mwini.

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa ambiri amene amakamba nkhaniyi amapadumpha. Chimene Bullets ili kwa munthu wa ku Ndirande, kapena Boca Juniors kwa munthu wa ku Buenos Aires, ku America ndi timu ya sukulu. Munthu amachemerera timu ya sekondale ya m'tauni yake Lachisanu madzulo, ya yunivesite ya m'chigawo chake Loweruka, ndi ya NFL, ligi yaikulu ya football yawo, Lamlungu. Bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 107,000, kuposa kuwirikiza kawiri Bingu National Stadium. Sekondale ina ku Allen, m'chigawo cha Texas, inatsegula mu 2012 bwalo la anthu 18,000 limene linadya madola 60 miliyoni. Sekondale, aphunzitsi! Agogo anasewera pamenepo, bambo anasewera pamenepo, mlongo amaimba m'bandi ya sukuluyo. Chikondi chotere sichigulidwa ndi malonda a pakanema. Chimachita kuyamwidwa, ngati mmene mwana wa m'banja la Manoma amakulira akudziwa kale kuti mtundu wake ndi wabuluu. Mpira wa miyendo unaphonya khomo la sukulu pa nthawi imene mizu imeneyi inkamera.

Koma usaoneke ngati sunayesepo. M'zaka za m'ma 1920 America inali ndi ligi yamphamvu, American Soccer League, imene inayamba mu 1921. Matimu ake anali a m'mafakitale ngati athu aja: Bethlehem Steel ya fakitale ya zitsulo ku Pennsylvania, Fall River Marksmen ya m'tauni ya mafakitale a nsalu ku Massachusetts. Ankalipira bwino moti osewera ankathawa ku Scotland ndi England kukasewera kumeneko, matimu a ku Ulaya mpaka kukadandaula ku FIFA. Archie Stark, wobadwira ku Glasgow, anamwetsa zigoli 67 m'chaka chimodzi cha ligi, 1924 mpaka 1925. Pa World Cup yoyamba ku Uruguay mu 1930, America inafika ndime ya matimu anayi, ndipo Bert Patenaude wa ku Fall River ndiye munthu woyamba kumwetsa zigoli zitatu m'masewero amodzi a World Cup.

Zinaphedwa ndi zinthu zitatu zimene zinagwa motsatizana. Mu 1924 boma linakhwimitsa lamulo lolowera m'dzikomo, ndipo mtsinje wa anthu ochokera ku Ulaya amene ankadzaza mabwalo unaphwa. Mu 1928 eni ligi anayambana ndi bungwe loyendetsa mpira pa nkhani ya chikho cha dziko, atambala awiri m'khola limodzi, mpaka kuchotsana ndi kuyambitsa ligi yopikisana nayo. Pamene ankagwirizana mu Okutobala 1929, chuma cha America chinagwa mwezi womwewo, mafakitale n'kuyamba kutseka. Pofika 1933 ligi ija inali itatha. Panalinso china chobisika. Mwana wa munthu wochokera ku Italy kapena ku Poland ankafuna kuoneka kuti ndi mwana wa America weniweni, ndipo njira yachidule inali kusiya mpira wa bambo ake n'kugwira ndodo ya baseball. Mpira wa miyendo unatsala ndi dzina loti ndi wa obwera.

Nkhani imene imandikhudza mtima kwambiri ndi ya 1950. Pa 29 Juni ku Belo Horizonte ku Brazil, America inagonjetsa England 1-0 pa World Cup. Osewera ake anali anthu a ntchito zina. Goloboyi Frank Borghi ankayendetsa galimoto yonyamula maliro, Joe Gaetjens wobadwira ku Haiti amene anamwetsa chigolicho ankatsuka mbale mu lesitilanti ku New York, ndipo amene anamenya mpira umene Gaetjens anaugunda ndi mutu anali mphunzitsi mnzanu wa ku Philadelphia, Walter Bahr. Mtolankhani wa ku America amene analipo anali mmodzi yekha, wa ku St. Louis, ndipo ulendowo anadzilipirira. Zikanachitikira dziko lina lililonse anthu akanavina sabata yathunthu. Iwo anabwerera kwawo mwakachetechete, ndipo America sinapitenso ku World Cup mpaka 1990. Ana awiri a Walter Bahr, Chris ndi Matt, anakula akusewera mpira wa bambo awo ndipo anafika pousewera molipidwa, koma onse anathera mu NFL monga omenya mpira ndi phazi, ndipo aliyense anapambana kawiri Super Bowl, ndime yotsiriza ya NFL. Ndalama ndi ulemu zinali kumeneko.

Zaka 40 zimene America inasowa ku World Cup ndi zomwenso wailesi ya kanema inalowa m'nyumba iliyonse. Football yawo inagwirizana ndi kanema ngati nsima ndi ndiwo, chifukwa imaimaima. Masewero amodzi amatenga maola atatu, koma nthawi imene mpira ukuyendadi ndi mphindi 11 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo m'mipata monsemo mumalowa malonda. Mpira wathu umayenda mphindi 45 osapuma. Lero Super Bowl imaoneredwa ndi anthu oposa 120 miliyoni m'dzikomo, kulengeza malonda kwa masekondi 30 kunafika madola 7 miliyoni mu 2024, ndipo mu 2021 NFL inasainira mapangano a kanema oposa madola 100 biliyoni. Ichi ndi chifukwa chenicheni, koma chinabwera pambuyo. Kanema anangothirira mtengo umene unali utamera kale.

Nanga za zigoli ndi kulepherana zija? Taonani. Mu football yawo, kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kumapatsa mapointi 6, kuwonjezapo imodzi ukamenya bwino. Ndiye mukamva kuti masewero atha 21-14, kwenikweni ndi 3-2. Masewero a baseball amatha 1-0 ndipo anthu amatuluka akuyamikira woponya mpira. Komanso maganizo amenewa anayesedwa. Ligi yawo ya mpira wa miyendo, MLS, itayamba mu 1996, eni ake anathetsa kulepherana: matimu akafanana mphamvu, wosewera ankathamanga ndi mpira kuchokera patali n'kukakumana ndi goloboyi, ndipo wotchi inkawerenga chobwerera m'mbuyo ngati ya basketball. Okonda NFL sanabwere, ndipo okonda mpira enieni anakhumudwa. Itatha ligi ya 1999 anazisiya zonsezo n'kubwerera ku malamulo a dziko lonse.

MLS isanabwere panali kuyesa kwina kumene kumatikhudza ife a kuno kum'mwera kwa Africa. Atlanta Chiefs, imene inatenga NASL, ligi yawo ya mpira wa miyendo ya nthawiyo, mu 1968, inali ndi anyamata a ku Zambia, Freddie Mwila, Emment Kapengwe ndi Howard Mwikuta, komanso Kaizer Motaung wa ku Soweto. Motaung atabwerera kwawo anayambitsa timu mu 1970 n'kuipatsa dzina lake ndi la timu ya ku Atlanta ija: Kaizer Chiefs. Jomo Sono naye anasewera ku New York Cosmos limodzi ndi Pelé, ndipo Jomo Cosmos inatenga dzina kumeneko. Cosmos itagula Pelé mu 1975 ndi Beckenbauer mu 1977, anthu oposa 77,000 anadzaza Giants Stadium. Matimu anachuluka mpaka 24, aliyense akugula akatswiri okalamba a kunja ndi ndalama zimene analibe. Chinali chikomekome cha mkuyu. Pansi panalibe ana a m'dzikomo oti alowe m'malo, ndipo ligi ya 1984 inali yomaliza. Atlanta Chiefs inafa kalekale, koma mwana wake ku Johannesburg ali ndi ochemerera mamiliyoni, ena mwa iwo a ku Dedza konko.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndinaona ndekha, chimene ndimakhulupirira kuti ndicho chikuimitsa timu yawo ya amuna lero. Loweruka lina m'mawa ananditengera ku mabwalo a ana kunja kwa mzinda wina. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mabwalo oposa khumi ondandana, kapinga wometedwa bwino, magolo a maukonde, ana a zaka zisanu ndi zitatu atavala yunifomu yathunthu, aliyense ndi mpira wakewake, woyimbira wovala bwino, makolo atakhala pamipando yopinda m'mbali ndi mabokosi a zakumwa zozizira. Ana osewera mpira ku America ndi mamiliyoni, musanamizidwe. Koma wezulo yomaliza italira, aliyense analowa m'galimoto, ndipo pofika masana mabwalo onse aja anali zii, geti lokhoma. Panalibe mwana amene anatsalira kuti azingododa yekha. Bambo wina anandiuza kuti kalabu, maulendo ndi mahotela zimamudyera madola masauzande angapo pachaka. Madzulo ake, mbali ina ya mzinda womwewo, ndinapeza ana a anthu ochokera ku Mexico, Honduras ndi Somalia akusewera pamalo oimikapo magalimoto, magolo ali zikwama. Mpira weniweni ndinauona pamenepo: kudoda, kunamiza, kulimba mtima. Ambiri mwa ana amenewo makolo awo sangakwanitse fizi ya kalabu, ndiye osaka luso sawaona.

Dziko lonse mpira ndi makwerero a mwana wosauka, ndipo kalabu ndiyo imalipira kuti imulere, poyembekezera kudzamugulitsa. Ku America kholo ndilo limalipira, ndipo cholinga cha ambiri ndi choti mwana adzapeze malo aulere ku yunivesite. Pa zaka 18 mpaka 22, pamene mnzake wa ku France akusewera ligi yaikulu miyezi khumi pachaka, iye akusewera ligi ya makoleji ya miyezi itatu kapena inayi. Clint Dempsey, mmodzi mwa osewera abwino amene dzikolo latulutsa, anaphunzira mpira posewera ndi anthu ochokera ku Mexico m'tauni ya Nacogdoches, ndipo makolo ake ankayendetsa galimoto maola atatu kupita ku Dallas kuti akapeze kalabu yabwino. Christian Pulisic anachoka kwawo n'kukalowa timu ya Borussia Dortmund ku Germany ali ndi zaka 16. Ena amati vuto n'lakuti anyamata amphamvu onse amapita ku NFL ndi NBA. Pang'ono n'zoona, koma Croatia ili ndi anthu osakwana 4 miliyoni ndipo inafika ndime yotsiriza ya World Cup mu 2018. Mpira sufuna zimphona. Umafuna maola osawerengeka mwana ali ndi mpira kuphazi asanafike zaka 12, popanda wamkulu womuuza chochita.

Zinthu zikusintha, ndipo alamu anu akhoza kuchitira umboni. World Cup ya 1994 imene inachitikira kumeneko inalowetsa anthu pafupifupi 3.6 miliyoni m'masewero 52 okha. MLS inayamba ndi matimu 10 ndipo mu 2025 inafika 30. Beckham anapita mu 2007, Messi mu 2023. Kanema wa NBC wakhala akuonetsa Premier League kuyambira 2013, ndipo eni ake a Manchester United, Liverpool, Arsenal ndi Chelsea ndi anthu a ku America. World Cup ya 2026, ya matimu 48, inaperekedwa kwa America, Canada ndi Mexico. Musaiwalenso kuti anthu 5 pa 100 m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni ndi chinamtindi cha anthu. Kungoti chikondi chawo n'chogawikana: wina ndi wa Liverpool, wina wa Club América ya ku Mexico, wina wa timu ya MLS ya mumzinda wake. Anthu ochokera ku Latin America ndi ana awo ndi oposa 60 miliyoni, moti America ikamasewera ndi Mexico ku Los Angeles imakhala ngati mlendo pakhomo pake. N'chifukwa chake kuyambira 2001 ankatengera masewero amenewa ku Columbus, m'chigawo chozizira cha Ohio, m'bwalo laling'ono, ndipo kanayi konse motsatizana anapambanako 2-0.

Ndasunga mbali imodzi dala, chifukwa ndi imene imanditsimikizira kuti vuto silili m'magazi a anthu a ku America. Mnyamata wanuyo anati pa mpira America sitiimva. Muuzeni kuti America yatenga World Cup kanayi, mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019, ndipo palibe dziko lina lafikapo pamenepo. Anatenga ndi amayi. Mu 1972 boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma kusala atsikana, pa maphunziro ngakhale pa masewero. Masukulu amene ankathira ndalama zambiri mu football ya anyamata anakakamizika kupezera atsikana masewero, mabwalo, aphunzitsi ndi malo aulere ku yunivesite. Kumbali ya atsikana mpando unali wopanda mwini, ndipo mpira wa miyendo unakhalapo. Nthawi imeneyo mayiko a mpira anali akungodzuka kumene. England inaletsa amayi kusewera m'mabwalo a matimu ake mu 1921, patangotha chaka anthu 53,000 atadzaza Goodison Park kudzaonera timu ya amayi ya Dick, Kerr Ladies, ndipo chiletsocho chinakhala zaka pafupifupi 50. Brazil inaletsa mwalamulo kuyambira 1941 mpaka 1979. Sukulu zomwe zija zimene zinatsekera mpira khomo m'ma 1870 zinautsegulira patapita zaka 100, ndipo mu 1999 anthu 90,185 anadzaza Rose Bowl kudzaonera Mia Hamm ndi anzake akugonjetsa China pa mapenate. Masewero aja anatha 0-0, ndipo palibe amene anadandaula za zigoli.

Ligi yawo ya amayi, NWSL, ndi kumene ana athu akuwala. Mu 2024 Racheal Kundananji wa ku Zambia anagulidwa ndi Bay FC pa mtengo umene panthawiyo unali wokwera kuposa wa wosewera wamkazi aliyense padziko. Barbra Banda anamwetsa chigoli chimene chinapatsa Orlando Pride chikho chaka chomwecho. Ndipo Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, m'chaka chake choyamba ku Kansas City Current anamwetsa zigoli 20 mu ligi, kuphwanya mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18, anagoletsa timu iliyonse imene ili mu ligiyo, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Bwalo limene amasewerapo, CPKC Stadium, la anthu 11,500, linamangidwira timu ya amayi yokhayokha. Mukamakamuyankha mnyamata uja, aphunzitsi, atsikana a m'kalasimo akhalepo, ndipo ngati muli ndi foni ya intaneti muwaonetse zigoli za Temwa, amve mmene anthu a ku Kansas City amakuwira dzina lake.